Ulendo wa ku Blantyre Winayo: Tiyambe Taona Galimoto

Ambiri mwa ife okhala muno mu Middlesbrough msewu wa A66 timaudziwa ngati njira yopitira kuntchito basi. Timaulowa pafupi ndi bwalo la mpira la Riverside, tikafika ku Thornaby kapena ku Stockton n'kupatuka, tathana nawo. Koma msewu womwewu ukautsata kulowera kumadzulo umakukweza pamwamba pa mapiri a Pennines mpaka kukatsikira ku Penrith, ndipo kuchokera pamenepo njira ya kumpoto imakakutula ku Blantyre. Tikunena Blantyre wa ku Scotland, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, kumene kunabadwira David Livingstone mu 1813, komwenso mzinda wathu wa Blantyre unatenga dzina lake. Ndi ulendo wa mailosi oposa 170, pafupifupi makilomita 280, wofupikirako pang'ono kusiyana ndi wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe.

Mabanja angapo a m'bungwe lathu pamodzi ndi ophunzira a pa Teesside University tinayenda ulendowu pa magalimoto atatu kumayambiriro kwa Novembala. Tikulemba kuti amene akufuna kupitako adziwe njira, komanso kuti tikumbutsane chinthu chimodzi. Kwathu galimoto ikafa pa Zalewa kapena pa Kampepuza, sipapita nthawi anthu asanafike. Wina athyola nthambi n'kuyala pamsewu, anyamata agwira kukankha, wina apalasa njinga kukaitana makaniko, ndipo podikirapo mugula chimanga chootcha. Kuno kulibe zimenezo. Galimoto ikakufera pamwamba pa phiri, anzako ndi nkhosa ndi mphepo. Choncho ntchito yonse imene kwathu timaichita m'mbali mwa msewu, kuno iyenera kuchitika pakhomo, ana asanakwere.

Tauni ya chitsulo ndi mchere

Tauni yathuyi inakula chifukwa cha chitsulo. Mu 1830, pamene njanji ya Stockton ndi Darlington inafika kuno kudzatula malasha pa mtsinje wa Tees, pano panali minda ndi nyumba zowerengeka. Mu 1850 John Vaughan ndi John Marley anapeza miyala ya chitsulo m'mapiri a Eston, ndipo anthu anakhamukira kuno kuchokera ku Ireland, ku Wales ndi kwina, kudzafuna ntchito monga tachitira ifemu. Kampani ya kuno ya Dorman Long ndiyo inamanga mlatho wa Birchenough ku Zimbabwe mu 1935 ndi wa Otto Beit pa Chirundu mu 1939. Inzake ya ku Darlington, Cleveland Bridge, inamanga wa pa mathithi a Victoria mu 1905 ndi wa Dona Ana pa Zambezi, umene unatsegulidwa mu 1935 n'kulumikiza njanji ya Nyasaland ndi doko la Beira. Agogo athu amene ankakwera sitima ya ku Beira ankaoloka pa ntchito ya manja a anthu a chigawo chino.

Koma chitsulo, ngakhale chilimbe bwanji, chimafuna maso. Mlatho wa buluu uja timaujambula tikalandira alendo, Transporter Bridge, unatsegulidwa mu 1911, ndipo mu 2019 anautseka ataona kuti sungathenso kunyamula anthu popanda chiopsezo. Magalimoto athu nawonso ndi chitsulo, ndipo mdani wawo wamkulu kuno ndi mchere. Nyengo yozizira ikafika, malole a khonsolo amamwaza mchere m'misewu kuti madzi asaundane. Wina mwa mchere umenewu amaukumba pafupi pompano, ku mgodi wa Boulby, m'njira ya A174 yopita ku Whitby. Mcherewo umamatirira kunsi kwa galimoto n'kuyamba kudya mapaipi a mabuleki ndi a utsi. Galimoto yotsika mtengo imene wophunzira wagula ingawale pamwamba, kunsi dzimbiri lili tho. Potsuka galimoto m'miyezi imeneyi, tizipoperanso madzi kunsi kwake.

Mapepala kaye

Tisanatsegule boneti tinayamba ndi mapepala, chifukwa kuno makamera a apolisi amawerenga nambala ya galimoto n'kudziwa pompo ngati ili ndi inshuwalansi ndi MOT. Galimoto iliyonse imene yakwanitsa zaka zitatu imayesedwa MOT chaka ndi chaka, ndipo galaja siiloledwa kulipiritsa kuposa £54.85. Kuyenda popanda MOT chindapusa chake chimatha kufika £1,000. Amene akugula galimoto yakale alowe pa tsamba la boma la GOV.UK, alembe nambala yake, aona mbiri yonse ya MOT kwaulere, kuphatikizapo zimene oyesa anachenjeza. Msonkho wa galimoto nawo susamuka ndi galimotoyo. Kuyambira mu Okutobala 2014, wogula amalipira wake asanayendetse.

Komatu tisaiyese MOT dokotala wa zonse. Oyesa aja amaona mabuleki, magetsi, matayala, chiwongolero ndi utsi, koma saona thanzi la injini, la kilatchi kapena la magiya. Galimoto ikhoza kupambana MOT Lolemba n'kuwira injini Loweruka.

Nkhani ya laisensi imakola ambiri obwera kumene. Laisensi ya ku Malawi kapena ya ku Zambia imagwira ntchito kwa miyezi 12 kuchokera pamene munthu wayamba kukhala m'dziko muno. Ikatha miyeziyo, afunika kutenga laisensi yophunzirira ndi kukhoza mayeso onse awiri, olemba ndi oyendetsa. Abale amene anatengera laisensi ku Zimbabwe kapena ku South Africa angathe kusinthitsa yawo ku DVLA, chifukwa mayiko awiriwa ali pa mndandanda wa ololedwa. Ndipo amene wangokhoza kumene adziwe kuti akapeza mapointi 6 m'zaka ziwiri zoyambirira, laisensi imalandidwa n'kuyambiranso mayeso.

Mapointi 6 amenewa amatha kubwera tsiku limodzi. Kwathu tinazolowera kupatsana makiyi: "Achimwene, ndatopa, tagwirani chiwongolero." Kuno inshuwalansi imatchula dzina la woyendetsa. Amene sanalembedwe akayendetsa, ndi £300 ndi mapointi 6, ndipo apolisi ali ndi mphamvu yolanda galimotoyo pomwepo, banja n'kutsala m'mbali mwa msewu ndi zikwama. Kugwira foni m'manja ukuyendetsa ndi £200 ndi mapointi 6. Mlandu ukakafika kukhoti, udzafunika kuutchula pa mafomu a Home Office podzawonjezera viza kapena popempha chilolezo chokhazikika. Ife tinaonetsetsa kuti galimoto iliyonse ili ndi oyendetsa awiri olembedwa. Pa galimoto imodzi tinagula inshuwalansi ya masiku awiri okha ya woyendetsa wachiwiri. Ndalama ya mafuta tinasonkherana mogawana ndendende. Lamulo limalola kusonkherana kotere, koma mwini galimoto akayamba kupezapo phindu, ndiye kuti ayamba matola, ndipo inshuwalansi yake siigwiranso ntchito.

Loweruka la pansi pa boneti

Kutatsala sabata imodzi, tinasonkhanitsa magalimoto atatuwo pamalo athyathyathya, mainjini atazizira. Tinasankha sabata yathunthu dala, kuti chikapezeka chovuta, galaja ikhale ndi nthawi yochikonza. Pakati pathu pali bambo wina amene anagwirapo umakaniko kwathu, ndipo anati iye sakhudza kanthu, mwini galimoto aliyense achite ndi manja ake, amayi ndi atsikana omwe.

Tinayamba ndi matayala. Lamulo limati tingalande ta pa tayala tikhale takuya mamilimita 1.6 kapena kuposa, pa magawo atatu mwa anayi a pakati pa tayala, kuzungulira lonse. Tayala limodzi lakutha lingakudyere mpaka £2,500 ndi mapointi atatu. Poyesa sipafunika chida. Tengani khobidi la 20p mulilowetse m'kangalande. Ngati mkombero wa kunja kwa khobidilo ukuonekabe, tayalalo likaonedwe msanga. Tingalande timeneti ndi timene timachotsa madzi pakati pa tayala ndi phula, ndipo tikatha galimoto imayandama pamadzi, chiwongolero osamvanso. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Mwachitsanzo 2318 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Pa galimoto ya mmodzi wa ophunzira athu, imene anali atangoigula, tinapeza tayala lam'mbuyo lili ndi chotupa ngati dzira mbali yam'kati, kumene diso silifika ukangoima chilili. Analisintha Lachiwiri.

Mpweya wa m'matayala umayesedwa asanatenthe. Mlingo wake walembedwa pa kapepala ka pa chimango cha chitseko kapena kuseri kwa kachitseko ka thanki, ndipo pali milingo iwiri, wa galimoto yopepuka ndi wa yodzaza. Ife sitiyenda opepuka. Pamakhala anthu asanu, mapoto a mpunga, nkhuku, ndi thumba la ufa wa m'mashopu a mu Linthorpe Road lokapatsa abale. Tinapopa mlingo wachiwiriwo. Kenaka tinatsegula mabuti. Magalimoto ambiri a masiku ano alibe sipeya, amangokhala ndi kabotolo ka mankhwala omatira ndi pampu yaing'ono, zimene sizithandiza tayala likang'ambika m'mbali. Amene ali ndi sipeya aone ngati ili ndi mpweya, ngati jeke ndi sipanala zilipo, ndiponso ngati kachitsulo komasulira nati yokhoma ija kali m'galimoto. Popanda kachitsulo kameneka ngakhale makaniko avutika kuchotsa tayala.

Pansi pa boneti pali zamadzi zinayi. Oyilo timayesa posolola kandodo kake, kupukuta, kubwezera ndi kusololanso, ndipo ayenera kukhala pakati pa zizindikiro ziwiri. Madzi oziziritsa injini ali m'botolo loonekera m'kati. Kwathu timangothira a pampopi, koma kuno asakanizidwe ndi mankhwala oletsa kuundana, chifukwa madzi akaundana amafufuma n'kung'amba radiyeta ngakhale injini imene. Chotsekera chake sititsegula injini ili yotentha, nthunzi yake imasupula nkhope. Mafuta a mabuleki akatsika kwambiri, osangowonjezera, galimoto ipite kugalaja, pali pamene pakudontha kapena mapadi atha. Chachinayi ndi madzi otsukira galasi, amene ambiri timawapeputsa. Pa msewu wothiridwa mchere, lole imodzi ikakudutsa galasi lonse limachita mbuu, ndipo ngati madzi aja aundana m'botolo, uyendetsa ngati wakhungu. Tigule mankhwala ake a nyengo yozizira, osati sopo wotsukira mbale.

Batire imafooka ndi kuzizira, ndiponso ndi timaulendo tifupitifupi ta kunyumba ndi kuntchito timene sitiipatsa mpata wodzaza. Ngati yatha zaka zinayi kapena zisanu ndipo m'mawa injini ikulira mwaulesi, magalaja ambiri amaiyesa mwachangu. Amene ali ndi buku la galimoto aone kuti lamba wa m'kati mwa injini, amene amakaniko amati timing belt, anasinthidwa liti, popeza akaduka galimoto ikuthamanga, nthawi zambiri injini imatheratu. Pomaliza ana anatithandiza kuona magetsi. Wina ankaponda buleki ndi kuyatsa ma indiketa, ana akufuula kumbuyo kuti layaka kapena ayi. Mawaipa tinawapukuta ndi kuona ngati mphira wake sunang'ambike.

Kuchoka pa Tees kukafika pa Stainmore

Tinanyamuka 7 koloko m'mawa, kukadali kamdima. M'miyezi imeneyi dzuwa ndi losowa. Kumayambiriro kwa Novembala limalowa cha m'ma 4.30 madzulo, ndipo mu Disembala 4 koloko imakwana litalowa kale. Tinagwirizana kuti amene wagwira shifiti ya usiku ku nyumba zosamalira okalamba kapena kuchipatala sayendetsa m'mawa umenewo, akagone pampando wam'mbuyo. Buku la malamulo a pamsewu la Highway Code limalangiza kupuma mphindi zosachepera 15 pa maola awiri aliwonse, ndipo limachenjeza za nthawi ya pakati pa usiku ndi 6 koloko m'mawa, pamene tulo timabwera mosagogoda. Mwana aliyense anali pa mpando wake womangirira, monga lamulo lifunira kufikira atakwanitsa zaka 12 kapena kutalika masentimita 135. Zonyamula mwana pamiyendo tinazisiya m'minibasi za kwathu.

Msewu umalambalala Darlington, n'kulowa mu A1(M) kwa kanthawi kulowera kummwera, mpaka pa Scotch Corner. Dzinali linabwera chifukwa apa ndi pamene apaulendo ochokera ku London amasankha njira: ya kumpoto yopita ku Edinburgh, kapena ya kumadzulo yopita ku Glasgow. Tinaima apa n'kudzaza matanki, ngakhale anali asanafike theka, chifukwa kutsogoloku malo omwetsera mafuta ndi otalikirana. Petulo wamba wa kuno ndi E10 kuyambira mu Seputembala 2021, wosakaniza ndi ethanol. Kwa ife si zachilendo, popeza ku Dwangwa anayamba kupanga ethanol wosakaniza ndi petulo mu 1982. Koma magalimoto ena akale kwambiri safuna E10, amafuna E5. Ndipo woyendetsa galimoto yobwereka ayambe wawerenga pa kachitseko ka thanki. Ukathira petulo m'galimoto ya dizilo, usalize injini, itana okonza pomwepo.

Kuchokera pa Scotch Corner kukafika ku Penrith ndi mailosi pafupifupi 50, ndipo mbali yaikulu msewu umatsata njira imene Aroma analambula kalekale. Poyamba ndi minda yobiriwira ndi mipanda ya miyala yosanja popanda simenti. Ukadutsa mphambano ya ku Barnard Castle n'kufika pa mudzi wa Bowes, mitengo imayamba kutha. Pamenepa pali zipata zachitsulo m'mbali mwa msewu, ndipo zina zili kutsidya, kufupi ndi Brough. Chipale chofewa, chimene timangoti sinowo, chikachuluka kapena mphepo ikakula, apolisi amatseka zipatazi, ndipo palibe amadutsa.

Pakati pa zipata ziwirizi ndi pa Stainmore. Malowa ndi okwera mamita oposa 400 okha kuchokera pa nyanja ya mchere. Nyanja yathu ya Malawi ili pamwamba kuposa apa, pa mamita pafupifupi 470, ndipo ku Salima timayenda ndi malaya a manja aafupi. Koma kuno n'kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi. Tinachoka mu Middlesbrough kukuwaza kamvula, pa Stainmore tinapeza chifunga, udzu wofiirira, nkhosa zonyowa ndi mphepo yokankha galimoto cham'mbali. Ana anati kukufanana ndi ku Nyika, ndipo sananame, kungoti ku Nyika sikudutsa malole ochuluka chonchi. Malo ena msewu ndi waukulu, mizere iwiri mbali iliyonse, malo ena umapanikizika kukhala mzere umodzi uku ndi uku. Pamenepo ndi pofunika kudekha kumbuyo kwa lole. Msewu ukanyowa, mtunda woimira galimoto umawirikiza kawiri, ndipo pa madzi oundana umatha kuwirikiza kakhumi.

Pamalo ena opumira tinaona galimoto itaima, boneti ili yasa, nthunzi ikufuka, bambo akuyankhula pa foni, ana atadzipinda m'kati. Tinaima kufunsa. Anati okonza awauza kuti adikire, ndipo tinawasiyira tiyi wa m'fulasiki. Injini ikazima hita nayo imazima, ndipo m'kanthawi kochepa m'galimoto mumazizira ngati panja. N'chifukwa chake m'buti iliyonse mwa zathu munali mabulangete, majekete, tochi, madzi akumwa, mandasi, chopalira madzi oundana pa galasi ndi batire yapadera ya foni. Si zochititsa manyazi kunyamula zimenezi. Kumapeto kwa Febuluwale 2018, chipale chitagwa mwamphamvu, anthu mazanamazana anagona m'magalimoto usiku wonse pa msewu wa M80 ku Scotland. Musananyamuke onani machenjezo a Met Office, achikasu, a mtundu wa lalanje ndi ofiira, komanso za misewu kwa National Highways. A66 ikatsekedwa, njira ina ndi A69 yochoka ku Newcastle kudzera ku Hexham mpaka ku Carlisle, imene siikwera kwambiri. Chenjezo likakhala lofiira, ulendo ulephereke. Blantyre sathawa.

Kutsetsereka kwa ku Brough kunatikumbutsa Chiweta ndi Khwekhwerere, ngakhale kuno kulibe makona oopsa ngati amenewo. Nzeru yake ndi yomweyo ya madalaivala a kwathu: tsika ndi giya yaing'ono, injini igwire galimoto, mabuleki asapse. Kumanzere kumaoneka mabwinja a linga la Brough, kenaka chigwa cha Eden chimatseguka, msewu n'kulambalala Appleby, kumene mu Juni mumachitika msika wotchuka wa akavalo.

Pa M6 ndi malire a Scotland

Pa Penrith tinalowa mu M6 kulowera kumpoto. Apa liwiro lololedwa ndi mailosi 70 pa ola, amene ndi makilomita pafupifupi 113. Galimoto imene chaka chonse imangozungulira mu Linthorpe ndi Acklam, pano ndi pamene imaulula matenda ake. Tayala losapopa bwino limatentha n'kuphulika, chiwongolero chimanjenjemera, muvi wa kutentha kwa injini umakwera. Nyali za pa dashibodi zili ndi tanthauzo. Yachikasu ikuti kaonetse msanga. Yofiira, makamaka ya oyilo kapena ya kutentha, ikuti ima pamalo abwino oyamba n'kuzimitsa injini.

Pa malo opumira a Southwaite, tikumwa tiyi, tinabwereza ndi ana omwe zoyenera kuchita galimoto ikafa pa msewu waukulu wotere. Yesetsa kutuluka pa mphambano yotsatira kapena kufika pa malo opumira. Zikakanika, lowera kumanzere kwenikweni, khotetsera matayala kumanzere, yatsa magetsi ophethira onse. Aliyense atulukire zitseko za kumanzere, adumphe mpanda wachitsulo, akaime patali ndi msewu, ana atagwidwa padzanja. Pamenepa sitisintha tayala, sitikankha, sitiyala nthambi, ndipo ngakhale chikwangwani chofiira cha makona atatu chija sichiikidwa pa msewu wa mtundu umenewu. Pa misewu ina yonse chimaikidwa mamita 45 kumbuyo kwa galimoto. Timitengo ta m'mbali mwa msewu tili ndi muvi wolozera ku foni ya mtundu wa lalanje imene ili pafupi, ndipo nambala ya National Highways ndi 0300 123 5000. Opita ku London adziwe kuti mbali zina za M1 zilibe mzere woimapo wa kumanzere uja. Galimoto ikafera pakati pa msewu ndipo simungathe kutuluka bwinobwino, khalani omanga malamba, yatsani magetsi ophethira, imbani 999. Chizindikiro cha X wofiira pamwamba pa mzere chikutanthauza kuti mzerewo watsekedwa, mwina chifukwa kutsogolo kuli banja longa lanu.

Tinakambirananso za mabungwe odzakukoka ukafa panjira, monga AA, RAC ndi Green Flag. Polembetsa werengani bwino. Mtengo wotsikitsitsa nthawi zambiri umangokufikitsa ku galaja yapafupi. Wa ulendo wautali asankhe umene umabweza galimoto ndi anthu onse mpaka kunyumba. Kukoketsa galimoto ndi ndalama za m'thumba kuchokera ku Scotland mpaka ku Middlesbrough kungadye ndalama imene ikanalipira fizi ya mwana kumudzi.

Titadutsa Carlisle tinaoloka malire pa Gretna. Palibe chipata kapena wofunsa pasipoti, pali chikwangwani chabe, koma malamulo ena amasintha. Kuyambira mu Disembala 2014, mlingo wa mowa wololedwa m'magazi a woyendetsa ku Scotland ndi mamiligalamu 50, pamene ku England ndi 80. Amene wachezera pa ukwati usiku akhoza kupezeka wolakwa m'mawa mwake. Ndiponso kuyambira pa 1 Juni 2023, magalimoto otulutsa utsi wambiri saloledwa pakati pa mzinda wa Glasgow. Kawirikawiri amenewa ndi a petulo opangidwa chisanafike chaka cha 2006 ndi a dizilo a m'mbuyo mwa Seputembala 2015. Kumeneko sulipira kuti ulowe monga zilili ku London, kumene galimoto yotere imalipira £12.50 pa tsiku. Ukalowa, kalata ya chindapusa imakupeza kunyumba. Blantyre ali kunja kwa dera loletsedwalo, koma okaona abale m'kati mwa Glasgow ayambe aona nambala ya galimoto yawo pa intaneti.

Blantyre wa pa Clyde

Msewu umakwera mapiri a Beattock, n'kutsikira ku Abington, kumene mtsinje wa Clyde ukadali waung'ono. Titangodutsa Hamilton tinapatuka, ndipo nthawi ya nkhomaliro isanakwane tinali titaimika magalimoto pa David Livingstone Birthplace. Nyumba yake ndi yoyera, yosanja, yotchedwa Shuttle Row. Inamangidwira antchito a pa fakitale ya thonje, ndipo banja lonse la Livingstone linkakhala m'chipinda chimodzi. Iye anayamba ntchito m'fakitaleyo ali ndi zaka 10, akumaphunzira madzulo akaweruka. Ophunzira athu amene amachoka m'kalasi kuthamangira ku shifiti anaima nthawi yaitali m'chipinda chimenecho. Livingstone anafika pa nyanja ya Malawi mu 1859, ndipo mu 1876 amishoni a Church of Scotland anakhazikitsa mishoni m'mapiri a Shire n'kuipatsa dzina la mudzi uno. Malowa anawakonzanso n'kuwatsegula mu 2021, ndipo tsopano akufotokozanso za Aafirika amene ankayenda naye, monga Susi ndi Chuma, amene ananyamula mtembo wake n'kufika nawo kugombe mu 1874. Ubale wa mayiko awiriwa unalembedwanso pa pepala mu Novembala 2005, pamene Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell anasayina pangano la mgwirizano. Amene mukufuna kupita, yambani mwafunsa masiku otsegula, chifukwa amasintha ndi nyengo.

Tinadyera mpunga wathu pabwalo, moyang'ana mtsinje, majekete ali m'thupi. Ana obadwira kuno, amene ena mwa iwo Blantyre wa kwathu amangomuona pa foni, anajambulitsa pa chikwangwani cha dzinali kuti atumizire agogo awo ku Ndirande ndi ku Chilomoni. Tinagona kwa abale kufupi ndi Hamilton m'malo mobwerera usiku womwewo, chifukwa Stainmore wa mumdima, woyendetsa atatopa, si malo oyeserapo mwayi. M'mawa mwake, tisanalize injini, tinazungulira galimoto iliyonse kuona matayala, tinasolola kandodo ka oyilo ndi kudzaza madzi otsukira galasi, amene anali atatsika kwambiri tsiku limodzi lokha.

Nyengo ya Khirisimasi ndi ya maukwati ambirife tidzakhala pa msewu, ena wa ku Leeds ndi Manchester, ena wa ku London, umene ndi mailosi pafupifupi 250. Pempho lathu ndi lakuti amene amadziwa za magalimoto asadikire kuitanidwa usiku munthu atafera panjira. Apatule Loweruka limodzi aonetse anzawo, makamaka ophunzira ndi obwera kumene. Ndipo amene simudziwa kumene kuli kandodo ka oyilo, funsani tikakumana kutchalitchi, kumzikiti kapena kumsonkhano wa bungwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Muyende bwino, ndipo mukafika muziimba foni kuti mwafika.